Moni wa Kumapeto kwa Kalata

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anayamba kuwakayikira a Likaka, bambo amene ankalembera ndi kuwerengera anthu makalata pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi positi ku Domasi. Ntchito imeneyo inatha kalekale, lero aliyense amangodina foni. Koma nthawi imeneyo bambo anga anali ku Joni, ndipo mawu awo ankatifika kudzera pakamwa pa a Likaka basi, poti amayi sukulu sanaipondeko.

Kalata iliyonse inkatha chimodzimodzi: "Moni kwa mwana wanga Esinati, alimbikire sukulu." Ine mawu amenewo ndinkapita nawo mpaka kumunda wa mpunga, n'kumawanyadira kwa anzanga tikuingitsa mbalame.

Koma amayi mtima sunkakhala m'malo. "Abambo aja maso ndi pakamwa siziyendera limodzi," ankatero tikubwerera. "Pali zimene amadumpha. Kapena bambo ako anakwatira kumeneko, iwo akundibisira." Nanenso ndinayamba kuwazonda. Zoonadi, akafika kumapeto ankatsokomola pang'ono, kukweza maso, n'kumalankhulabe osayang'ana pepala. Ndinati eya, tawagwira!

Nditayamba kuwerenga bwinoko, amayi anatulutsa makalata onse m'chitini cha mabisiketi n'kundikhazika pakhonde. "Werenga wekha. Usadumphe ngakhale kadontho."

Ndinawerenga modukizadukiza, chala chili pamzere. Za chifuwa cha bambo, za kuzizira kwa ku Joni, za denga loti lifoleredwe mvula isanagwe. Za mkazi wina munalibe. Amayi anapumira m'mwamba, kenaka n'kuseka. Ine ndinatembenuza pepala kufunafuna. Kalata yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza. Dzina langa silinalembedwe ngakhale m'kalata imodzi.

M'mawa mwake ndinapita ndekha pamango paja, misozi ili m'maso.

"A Likaka, ndinu abodza! Moni uja mumamutenga kuti?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Iwe unkaima apa n'kumandiyang'ana pakamwa, mwanawe. Ndikanalipinda bwanji pepala usanamve dzina lako?"

Ndinatembenuka n'kuchoka, ndipo pamtengo paja sindinapondenso. Zinandiwawa, ndisaname.

Lero ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo a Likaka anatisiya kalekale. Zimene amayi ankakayikira zinali zoona pang'ono: abambo aja sankawerenga zolembedwa zokha. Koma amene anandiuza kuti ndilimbikire sukulu ndi iwowo, ndipo ndinawamvera moyo wanga wonse. Mawu omaliza amene anamva kuchokera kwa ine ndi akuti abodza.