Thunthu la Nthochi M'bokosi

Amuna anga anapita ku Joni chimanga chili m'mawondo. Sindinalire. Kwathu kuno, kumunsi kwa Milepa, mkazi wolira chifukwa mwamuna wapita ku Joni amasekedwa, popeza nyumba iliyonse ya malata imene mungaione ili ndi munthu wake amene anapita. Ndinawakazingira mtedza, ndinawachapira jekete, iwo nkukwera kabaza atafungatira chikwama. Wakabaza anapalasa, iwo osacheuka. Sindiwaimba mlandu, msewu wathu ukacheuka ugwa.

Pasipoti analibe. Anachita zimene anzawo onse ankachita, kupangana ndi thiransipota, munthu wodziwa njira uja amene amatenga anthu ku Limbe nkuwadutsitsa Mozambique ndi Zimbabwe mpaka kukawatula ku Joni. Pa bodala, amene ali ndi mapepala amadutsira pageti. Amene alibe amatsika galimoto ikadali patali, nkuzungulira kutchire, nkukakumana nayo kutsogolo. Palibe ankaiona ngati nkhani. Makolo athu anachokera ku Mozambique komweko wapansi, atasenza mbewu ya kalongonda pamutu, ndipo palibe anawafunsa chidindo.

Anandiimbira ali ku Tete. Anati kukutentha ngati mu uvuni wa njerwa, kenako anafunsa ngati mbuzi ndazimangirira. Ndinati eya. Foni inaduka. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, mawu awo omaliza kwa ine anali a mbuzi.

Chimanga chinacha, tinakolola, nandolo nayenso anauma. Nambala ya thiransipota inasiya kugwira. Anyamata a m'mudzi mwathu amene ali ku Joni anafunsa m'magulu awo a pafoni, chithunzi cha amuna anga chinayenda uku ndi uku, koma kunali zii. Amayi ena pachitsime ankandilimbitsa mtima mwanjira yawo. Ankati mwamuna akakhala chete ku Joni ndiye kuti wapeza wina womuphikira, ndingodekha, matchona amabwera akadwala. Ndinkaseka nawo. Sindinganame kuti ndinkakhalira misozi. Ndinkalima, ndinkadya, ndinkasambitsa ana anga awiri, ndipo tulo ndinkagona ndithu.

Amene anabwera ndi nkhani anali bambo wina wa ku Mbombwe, amene anagwidwa ku Joni nkubwezedwa kumudzi ndi jumbo imodzi m'manja. Anamva kuti kuno kuli mayi wofunsafunsa, ndiye anabwera yekha, nkukhala pamwala pafupi ndi khola. Madzi akumwa anakana.

"Mayi, bambo a kunyumba kuno tinali limodzi mpaka pa mtsinje waukulu uja wolowera ku Joni," anatero. "Madzi anali odzadza, nthawi ya mvula ija. Anatiuza tigwirane manja, tiwoloke pamzere. Madzi anafika m'chifuwa umu. Pakati penipeni mzere unaduka."

"Ndiye anamira?" ndinafunsa.

"Sindinawaone akumira, mayi, ndisakunamizeni. Koma kutsidya sindinawaonenso. Aliyense ankangothawa, panalibe zowerengana."

Ndinamuthokoza, ndinamuperekeza mpaka pa njira. Pobwerera ndinatola nkhuni zimene ndinaziona m'mbali mwa munda.

Apa mpamene vuto langa lenileni linayambira. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo akamwalira, maliro akaikidwa, akuchimuna amabwera ndi ankhoswe kudzamusudzula mkaziyo. Amamumeta, amamuuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha, ndi mfulu. Popanda zimenezo ndiwe mkazi wa mwini, ngakhale mwiniyo adyedwe ndi nsomba. Ine maliro ndinalibe. Kutchalitchi akamaitana amayi amasiye ndinkakhala pansi, akamaitana mabanja ndinkakhalanso pansi. Panali bambo wina wofedwa, wogulitsa tomato pamsika, munthu wofatsa, amene anatumiza mawu kwa atsibweni anga. Atsibweni anamuyankha kuti mwana wawo sanasudzulidwe. Anadikira ndithu bamboyo, ndimupatse ulemu wake, koma pomaliza anakwatira kwina. Ndinkamufuna, ndipo zinandiwawa, ngakhale kuwawako sikunakhalitse.

Atsibweni anati tipite mutauni ku ofesi yoona za anthu otuluka ndi olowa, mwina boma lingatifunsire kutsidya. Tinakwera minibasi pa boma m'mawa, ine nditavala chitenje changa chatsopano ngati ndikupita ku ukwati. Amene anatilandira anali bambo waulemu, anatipatsa mipando. Analemba dzina la amuna anga mu kompyuta, anayang'ana, anafunsanso mudzi, anayang'ananso.

"Mayi, munthu ameneyu sanatuluke m'dziko muno," anatero.

"Sanatuluke bwanji, bwana, poti anandiimbira ali ku Tete?"

"Ndikumva, mayi, ndipo sindikukutsutsani. Koma pa bodala sanadindepo. Kwa ife ali konkuno. Ndipo kutsidyako tikafunsa, adzatiuza kuti kwawo sanalowe."

Atsibweni anaseka kuseka kopanda chimwemwe, nkuvala chipewa chawo. Bwana uja anapepesa, anati nkhani ngati yathuyi amazimva kawirikawiri. Pobwerera, minibasi itaima pa Limbe kudikira kuti idzadze, ndinapezeka ndikuyang'ana nkhope za amuna odutsa, mmodzimmodzi. Boma linali litanena kuti ali konkuno, ndiye ndinayang'ana ndithu.

Njira inatsala imodzi, ya makolo. Munthu akafera kutali thupi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, nkulikulunga m'nsalu, nkuliika m'manda m'malo mwake. Akatero mudzi umadziwa kuti wapita, ndipo mkazi amasudzulidwa. Koma wolamula kuti dulani ayenera kukhala wakuchimuna, ndipo apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anakana kwamtuwagalu.

"Mukufuna ndiike mwana wanga ali moyo?" anatero apongoziwo atsibweni atapita kukawapempha. "Mukamukwirira lero, mawa nkutulukira, adzalowa m'nyumba ya ndani? Adzakhala munthu kapena mzukwa? Amene watopa ndi kudikira akwatiwe, ine sindinatope."

Ankadziwa bwino lomwe kuti sindingakwatiwe. Ndinawada apongozi anga nthawi imeneyo, ndinkati ndikawaona pamaliro a anthu ena ndinkakhala mbali ina. Iwo kafoni kawo sikankazima, ankakatumiza kukatchajitsa kusitolo ngakhale mchere m'nyumba mulibe. Kenako chidani chija chinangotha chokha osandiuza. Zaka zinapita, mwana wanga wamkulu analowa sekondale, ndipo ndinasiya kuwerenga kuti ndine ndani. Wina akandifunsa za bambo a kunyumba ndinkati ali ku Joni, nkhani nkuthera pomwepo.

Chaka chimene miyendo yawo inayamba kutupa, apongozi anabwera okha pa kabaza, osatumiza mawu. Anatsika movutikira, ndinawayalira mphasa pakhonde.

"Apongozi," anandiitana, poti ndi mmene tinkaitanirana, "ine ndikupita. Ndikafa, palibe adzalimbe mtima kunena kuti dulani. Mwana wanga adzangokhala m'madzimo. Auzeni atsibweni anu kuti ndalola."

Ndinati ndamva. Ndinadikira kuti mumtima muchitike kanthu, chimwemwe kapena chisoni, koma munalibe kanthu. Ndinawaphikira tiyi ndi chinangwa.

Tsiku la maliro anthu anabwera ambiri, kuposa mmene ndinkaganizira. Kwaya inaimba, amayi anaphika, bokosi linali litagulidwa kale. M'mawa adzukulu anatiitana ine ndi apongozi kuti titsikire kudimba, kumene anali atagwetsa nthochi yaikulu. Mkulu wawo anaima ndi chikwanje pamwamba pa thunthulo.

"Mayi, malemuwa anali otalika bwanji? Tidule pati?"

Onse anayang'ana ine, poti msinkhu wa mwamuna amaudziwa ndi mkazi wake. Ndinaimirira bwinobwino, nkukweza dzanja kuti ndiwaonetse pamene mutu wawo unkalekezera. Dzanja linafika pa khutu langa, linakwera pang'ono, linatsikanso. Sindinkadziwa. Ndinayesa kuwaona akulowa pakhomo, ngati ankawerama kapena ayi, koma ndinkangoona chitseko. Munthu amene ndinabereka naye ana awiri, amene ndinamudikira mpaka imvi kuyamba, ndinali nditaiwala kutalika kwake. Ndinaima choncho dzanja lili m'malere, adzukulu akudikira.

Apongozi anasendera ndi ndodo yawo, nkugwira mkono wanga. Anaukweza pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mutu wanga, nkuuimika pamenepo.

"Apa," anatero. Sanayang'ane ine.

Anayeza ndi bango, nkudula. Thunthu la nthochi limalemera kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa m'kati mwake ndi madzi okhaokha. Analikulunga m'nsalu yoyera, nkuliika m'bokosi, ndipo amuna onyamula ankasinthana ngati anyamula munthu weniweni. Tili m'njira ya kumanda madzi anayamba kudontha pakona ya bokosi, kusiya madontho m'fumbi. Apongozi atawaona anakhala pansi panjira pomwepo nkulira kulira kumene anakusunga zaka zonse zija, mpaka amayi anachita kuwadzutsa. Ine ndinkayenda pambuyo pa bokosi, ndikusamala kuti ndisaponde madonthowo.

Anandisudzula m'mawa mwake. Anandimeta kuseri kwa nyumba, tsitsi likugwera pachitenje, kenako ankhoswe akuchimuna anaimirira pabwalo nkunena kuti ukwati watha bwino, palibe mlandu, mayiwa ndi mfulu. Atsibweni anawomba m'manja, ine ndinagwada nkuthokoza. Anthu atayamba kubalalika, mwana wanga wamng'ono, amene bambo ake anachoka iye ali kumsana, anabwera kudzaima pafupi nane nkufunsa ngati ababa ake analidi aatali ngati bokosi lija.

Ndinamuuza kuti akafunse agogo ake iwo asanakwere kabaza kubwerera kwawo.