Mpando Wopanda Voti

Ndikukumbukira kiyi wina wamng'ono, womangirira ku chingwe chofiira, amene anandisowetsa mtendere chaka chonse cha 1995. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Nairobi kumene bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri ku Gigiri. Mabwana awo ankakhala ku Runda, ife tinali m'nyumba yosanja ku Lavington, ndipo sukulu yanga ya masisitere inali pafupi moti ndinkapita wapansi. M'kalasi mwathu Mmalawi ndinali ndekha. Chiswahili changa chinali chongogulira buledi, Chingerezi changa anzanga ankachiseka, ndiye nthawi yopuma ikakwana ine mtima unkangokhala pa mabuku.

Mabukuwo ankakhala m'kabati yamatabwa kumbuyo kwa kalasi. Anali a nthano ndi a maulendo, otumizidwa ndi abale a mphunzitsi wathu, a Sisitere Maura, amene kwawo kunali ku Ireland. Ukatsegula kabatiyo munkatuluka kafungo ka mapepala akale kosakanikirana ndi ka chikopa, chifukwa pansi pake pankakhalanso mpira wa kalasi. Kiyi ankasunga a Sisitere, ndipo masiku ambiri ankaiwala kutsegula.

Januwale wa chaka chimenecho a Sisitere anabwera kuchokera kutchuthi kwawo atanyamula nyuzipepala. Anaipachika pabolodi n'kutionetsa chithunzi cha anthu a masuti, ena atakhala, ena ataimirira kumbuyo, azimayi ochita kuwerenga.

"Ili ndi boma latsopano la kwathu," anatero. "Lalowa mwezi wathawu, koma chisankho sichinachitike."

Tinadabwa. Iwo anafotokoza kuti kwawoko anthu amasankha aphungu, ndipo aphunguwo ndi amene amasankha mtsogoleri wa boma. Chipani chikalephera kupeza aphungu opitirira theka, chimayenera kufunsira chinzake. Tsono chipani chachikulu chinkalamulira limodzi ndi china chocheperapo, anakangana, chocheperacho chinanyamuka n'kukagwirana manja ndi zipani zina ziwiri, boma n'kusintha. Anatiuzanso kuti kale, mu 1948, zipani zisanu zinagwirizana n'kuchotsa chipani chimene chinali ndi aphungu ambiri kuposa china chilichonse. Vuto, iwo anati, limakhala pogawana mipando, chifukwa malamulo a dziko lawo salola nduna kupitirira khumi ndi zisanu. Ulendo uno mipando inachepa, moti munthu wina wa kachipani kakang'ono anamupatsa chilolezo chokhala nawo pamisonkhano ya nduna, kuyankhula nawo, koma osavota. Tonse tinaseka za munthu ameneyu, ndipo ine ndinaseka kuposa wina aliyense.

Kenako a Sisitere anati nafenso tipange boma lathu la m'kalasi. Mipando ikhala isanu yokha: mtsogoleri, nduna ya ukhondo, nduna ya nyimbo ndi mapemphero, nduna ya masewero, ndi nduna ya mabuku imene izisunga kiyi wa kabati. Iwo akhala pulezidenti, ndipo ntchito yawo ndi kungopereka kiyiyo kwa amene boma lamusankha, osalowerera.

Mnzanga weniweni anali mmodzi, Wanjiru, mtsikana wamtali wolankhula mofulumira amene ankandigawira chapati chake tsiku lililonse. Atanena kuti akuyambitsa chipani, woyamba kulowa ndinali ine. Ndinajambula zikwangwani mpaka zala kuthimbirira ndi utoto. Ndinathandiza anthu masamu pofuna mavoti awo. Ndinayenda desiki ndi desiki ndi Chingerezi changa chosekedwa chija, manyazi nditawasiya kunyumba. Wanjiru anandigwira dzanja pampopi n'kunena kuti tikapambana, kiyi ndi wanga. Sindinafunsenso kawiri.

Kunyumba ndinaulula nkhaniyi msanga kwambiri. Bambo masiku amenewo ndale zinali zitawalowa m'magazi, poti kumudzi chisankho cha zipani zambiri chinali chitangochitika chaka chapitacho, ndipo ankagona ndi wailesi pakhutu. Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, Amalawi tinkakumana kunyumba ya a Nkhoma ku Runda, akuluakulu n'kumamwa tiyi pakhonde. Kumeneko bambo anaimirira, kapu ili m'manja.

"Akuluakulu, imirirani pang'ono. Pano pali Anduna a mabuku!"

Anthu anaomba m'manja, a Nkhoma anandipatsa moni wa manja awiri. Pobwerera mayi sanaseke nawo. Anangonena ali chiyang'anire pawindo la galimoto kuti, "Tadala, fodya wako ndi wa pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Ine ndinaona ngati mayi sadziwa ndale.

Tsiku la chisankho m'kalasi tinalipo makumi awiri ndi asanu. Chipani cha Wanjiru chinapeza mavoti khumi ndi limodzi, cha mtsikana wina dzina lake Amina chinapeza asanu ndi anayi, ndipo asanu otsalawo anali a Omondi ndi anyamata ake a mpira. Ife tinalumpha, tinakumbatirana. A Sisitere anatisiya kaye tisangalale, kenako analemba pabolodi nambala 13 n'kuizunguliza ndi choko. Popanda anthu khumi ndi atatu, boma palibe.

Sabata yotsatira Omondi ananenepa. Nthawi yopuma ya m'mawa ankadya mandazi a Amina, ya masana ankadya chapati cha Wanjiru, chija chimene ndinkagawiridwa ine. Mnyamata amene anabwera pamapeto penipeni pachisankho ndiye ankayenda ngati mwini sukulu, manja ali m'thumba. Ine ndinkaonera patali, ndikudziuza kuti zimenezi ndi za masiku ochepa chabe.

Lachisanu Wanjiru anandiitanira pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa kalasi. Sanandiyang'ane kumaso.

"Omondi wavomera, koma akufuna mipando iwiri. Wa masewero watenga mnzake. Iyeyo akufuna kiyi."

"Kiyi? Omondi anawerengapo buku liti?"

"Sakufuna mabuku. Mpira umakhala m'kabati momwemo."

Ndinafunsa za mipando iwiri yotsalayo. Anati wa ukhondo wapita kwa mtsikana wina, Njeri, chifukwa msuweni wake ali kwa Amina ndipo akhoza kumukopa. Wa nyimbo wapita kwa mnyamata wina wa gulu lobwera pa basi ya sukulu, chifukwa gululo linkadandaula kuti m'boma mulibe munthu wawo.

"Nanga ine?"

"Pole, Tadala, pepa. Enawa akapanda kupeza kanthu achoka. Iwe sungapite kulikonse."

Ananena mawu amenewa mofatsa, ngati akundiyamikira. Kenako nkhope yake inawala, akuti wapeza nzeru: ndizikhala nawo pamisonkhano ngati bambo wa ku Ireland uja, ndiziyankhula, koma osavota.

Lolemba a Sisitere anafunsa kuti ndani akufuna Wanjiru akhale mtsogoleri. Ndinali nditalumbira usiku wonse wa Lamulungu kuti dzanja langa silikwera. Koma nditaona Amina akumwetulira, dzanja linakwera lokha, ine ndikulitukwana chamumtima. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Wanjiru powerenga manja sanayang'ane n'komwe mbali yanga. Anali atandiwerengera kale. A Sisitere anaveka Omondi chingwe chofiira chija m'khosi, iye n'kuchilowetsa m'kati mwa malaya.

Anthu atatuluka ndinatsala, ndinapita pa tebulo la a Sisitere misozi ili mbwembwembwe. Ndinawauza kuti si chilungamo, kuti ife tinapambana, kuti iwo ndi aphunzitsi ndipo akhoza kungomulanda kiyiyo.

"Ndikhoza," anatero, "koma ndinalonjeza kuti sindilowerera. Kwathu, tsiku limene nduna zikulengezedwa, pamakhala aphungu amene atumikira chipani zaka makumi awiri atavala suti yatsopano, lamya ili pafupi, koma lamyayo osalira."

"Ndiye amatani?"

"Ena amakwiya mpaka imfa. Ena amadikira."

Yankho limeneli silinandithandize chilichonse, ndipo mpaka lero ndimaona kuti akanatha kuchita bwino kuposa pamenepo. Munthu wamkulu ukayambitsa masewero a ana, n'kuona mwana akupsa nawo, sumangoima poteropo n'kumafotokoza mbiri ya kwanu.

Mpando wopanda voti uja ndinaulandira, chifukwa Lamulungu linkabwera ndipo ndinkafuna kanthu kokanena ku Runda. Boma linkakumana Lachitatu lililonse pa tebulo la a Sisitere. Mipando inali isanu, ine ndinkakoka kasitulu n'kukhala pakona, chibwano chikulingana ndi tebulo. Kabati tsopano inkatsegulidwa tsiku lililonse, koma kwa kamphindi: Omondi ankatulutsa mpira, kukhoma, n'kuthamangira kubwalo kiyi akulendewera. Ndikafuna buku ndinkamutsatira mpaka kugolo n'kumupempha, iye akuyankha kuti "ngoja", kutanthauza kuti dikira, maso ali pa mpira.

Teremu yachiwiri kholo lina linapatsa kalasi yathu mipira ina iwiri, ukonde ndi majezi. Omondi anabweretsa ganizo lakuti mabuku apakiridwe m'makatoni, apite kuchipinda chosungira katundu, kabati ikhale ya zamasewero. Tsiku limenelo ndinayankhula kuposa tsiku lina lililonse paubwana wanga. Ndinatchula mabuku ndi mayina awo, ndinatchula ana amene ankawabwereka, ndinakumbutsa kuti kuchipindako denga limadontha. Anandimvetsera bwinobwino, Njeri mpaka anagwedeza mutu. Povota, Njeri ndi nduna ya nyimbo anakana, Omondi ndi mnzake anavomera. Panatsala Wanjiru. Omondi anangokanda khosi pamene panadutsa chingwe chija, n'kuyang'ana pawindo kumene Amina ankasewera. Wanjiru anakweza dzanja. Langa linali pansi pa ntchafu, nditalikhalira.

Mabuku anapita m'makatoni, ndipo amene anawapakira ndinali ine, chifukwa sindinafune kuti anyamata aja awaponye ngati njerwa. Mvula ya kumapeto kwa chaka itabwera, makatoni awiri ananyowa, masamba n'kumatirirana.

Ku Runda dzina lija silinachoke. Bambo nditawafotokozera zoona zake anaseka mpaka kutsokomola, akuti mwana wawo waphunzira ndale zenizeni asanathe pulayimale, ndipo nkhaniyo anakaikamba pakhonde la a Nkhoma ngati nthabwala. Anapitiriza kunditcha Anduna. Mayi okha ndi amene anabwera kuchipinda kwanga, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mnzakoyo unamuuzapo kuti akakumana kiyi uchoka?"

"Ayi, mayi. Ndi mnzanga."

"Ndiye iye anakufunsapo kuti ungamve bwanji?"

Mayi anandisisita kumsana n'kutuluka.

Boma la Wanjiru linatha chaka chonse osagwa, ndipo a Sisitere anatiyamikira kuti tachita bwino kuposa maboma ena a kwawo. Ubwenzi wathu sunathe ndi mkangano. Unangozilala, chapati chinasiya kubwera, inenso ndinasiya kuchiyembekezera. Patapita zaka ziwiri bambo anawasamutsa, tinabwerera ku Lilongwe.

Mu 2006 ndinapitanso ku Nairobi ku msonkhano wa kuntchito, ndipo m'sitolo ina ku Lavington munthu anandikuwira dzina. Anali Wanjiru, mwana ali m'manja, akulankhulabe mofulumira. Tinakumbatirana, tinaseka, anatembenukira mwamuna wake n'kumuuza mosangalala kuti, "Uyu ndi Tadala wa ku Malawi uja, anali nduna yanga ya mabuku!"

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundiseka. Sankaseka. M'mutu mwake kiyi uja anandipatsa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukumbutse za Omondi, za kasitulu, za makatoni onyowa, koma mwana analira, mwamuna anayang'ana wotchi, ine n'kungoti, "Eya, kale limenelo." Ndinatuluka m'sitolomo nditakwiya ngati kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, ndipo theka la mkwiyowo linali pa ine ndemwe, poti ndinali nditamukwezeranso dzanja.

Panopa ndine munthu wamkulu, ndipo ndikamva pa wailesi kuti ku Ireland kapena kwathu kuno zipani zikukambirana zogawana maunduna, sindidabwa kuona kachipani kakang'ono kakudya mandazi mbali zonse. Ndimamvetsa kuti Wanjiru sanali woipa. Mipando inali isanu, anthu ofunika anali khumi ndi atatu, ndipo wotsika mtengo pa onsewo anali amene ankamukonda. Kumvetsako sikunandichotsere chilichonse pamtima. Chithunzi cha nduna zatsopano chikatuluka m'nyuzipepala, anthu amawerenga amene alipo, ine ndimaganiza za amene wapachikanso suti yake m'nyumba mwakachetechete.

Kutchalitchi kwathu ndine wapampando wa komiti ya chitukuko, ndipo nthawi zina nanenso ndimayenera kusonkhanitsa manja kuti ganizo lidutse. Anzanga amandiuza kuti ndimataya nthawi, chifukwa ndisanapite kukanyengerera ovuta, ndimayamba ndapita kunyumba za amene ndikudziwa kale kuti ali nane. Ndimakhala pansi, ndimawafunsa chimene akufuna, ndipo tsiku lovota ndimawayang'ana kumaso powerenga manja awo.