Malata amene anatilanda Tusekile

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene anamanga nyumba zatsopano kumunsi kwa kwathu, kunja pang'ono kwa boma la Chitipa. Nyumba yathu inali pachitunda, ndipo kutsogolo kwake kunali munda wa mawere wa anthu ena. Mundawo unagulidwa ndi mkulu wina wokhala ku Lilongwe, amene anamangapo nyumba zoti azichititsa lendi kwa ogwira ntchito m'boma. Tsiku limene anamaliza kukhoma malata, ana tonse tinathamangira kukaona. Ankanyezimira ng'ani ng'ani, ndipo tinkanyadira kuti tauni yatipeza.

Mng'ono wanga Tusekile sanathamange nawo. Anali ndi zaka zisanu, ndipo anabadwa ndi khungu lachialubino. Maso ake sankapirira kuwala, komabe akavala chipewa chake chachikulu ankasewera pabwalo ngati mwana wina aliyense. Koma chipewa chimatchinga dzuwa lochokera kumwamba. Ili linali lochokera pansi. Dzuwa likangopendeka, malata onse aja ankalitola n'kuliponya pakhonde pathu, kulowera pakhomo mpaka kukafika kukhoma la kuchipinda.

Tusekile anayamba kulira mutu. Misozi inkangotsika yokha, maso ali psuu. Anasiya kusewera, n'kumakabisala kunsi kwa bedi mpaka madzulo. Tsiku lina akutuluka kupita kuchimbudzi, manja ali kumaso, anaponda mbaula ya moto. Kukuwa kwake ndimakumvabe. Kuchipatala anamumanga phazi n'kuuza amama kuti mwanayu asamayang'ane zowala kwambiri, apo ayi maso adzatheratu. Amama anangogwedeza mutu. Akanamubisa kuti, poti kuwalako kunali kumulondola m'nyumba mwake?

Bambo anali atamwalira kale, ndiye zonse zinali pamutu pa amama. Anagula magalasi akuda kumsika, koma anali a munthu wamkulu, ankangogwa, ndipo posakhalitsa anasweka. Tinamweta tsekera n'kumanga mpanda wautali. Amene anakhalapo ku Chitipa m'chilimwe akuidziwa mphepo yakumeneko: mpanda uja inaugwetsa, tinaudzutsa, inaugwetsanso. Amama anapita kwa kapitawo woyang'anira nyumbazo kukapempha kuti malata apakidwe penti. Anabwerako chimanjamanja. Kapitawoyo anali atawayankha kuti, “Nanga dzuwalo ndi langa?”

Masana ena otentha amama anandiuza kuti ndisambe, tipite limodzi. Amama ankalankhula Chilambya ndi Chitumbuka, Chichewa chinkawavuta, ndipo ine wa kusukulu ndine ndinali pakamwa pawo. Tinagogoda nyumba ndi nyumba. Ena anatiyankhira pawindo, ena anaganiza kuti tikufuna ganyu. Pomaliza tinafika kwa mayi ena ochokera ku Mulanje, amene ankaphunzitsa kusekondale. Anatipatsa mphasa n'kulonjera amama m'Chitumbuka kuti “Monire” ndi lilime lolemera. Amama anagwada pafumbi, osafika n'komwe pamphasapo.

“Akuti denga lanu likuwaphera mwana,” ndinatero.

“Denga lathu? Latani, mwanawe? Ndi latsopanotu ili.”

Ndinafotokoza, koma ndinaona kuti sakumvetsa. Pamenepo amama anasiya kudikira ine. Anawagwira mayiwo chitenje n'kulankhula okha Chichewa chawo chothyokathyoka: “Amama, tiyeni waka. Mukaone na maso ghinu.”

Tinakwera nawo chitunda. Atafika pakhonde pathu anatembenuka kuti ayang'ane kwawo, ndipo nthawi yomweyo anabweza nkhope, dzanja lili kumaso. Anayesanso, koma anathobwa. Kenaka analowa m'nyumba, anawerama, n'kuona Tusekile atadzipinda kunsi kwa bedi, nsalu ili kumutu, phazi lomangidwa litatulukira kunja. Anakhala pansi pomwepo.

“Ine ndimakhala pansi pa denga lija,” anatero mayiwo. “Pamwamba pake sindinapaonepo.”

Sabata yomweyo amuna awo anakwera padenga ndi chitini cha penti yobiriwira, osapempha chilolezo kwa mwini nyumba. Mayiwo anayenda kwa anzawo kuwachonderera kuti achite chimodzimodzi. Palibe anavomera. Wina anati akuopa kuthamangitsidwa, wina anati akuyembekeza kusamutsidwa, penti angapakire ndani. Denga limodzi linazima, ena onse anapitiriza kuyaka. Tinayamika, koma Tusekile sanatuluke kunsi kwa bedi.

Amama anasiya kudya bwino. Ndinkawapeza kuseri kwa nyumba akuyang'ana kumwamba, kufunafuna mtambo. Mvula inali kutali. Potsiriza anatumiza uthenga kwa azakhali ku Misuku, kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mapiri ndipo nyumba zimabisala m'nthochi ndi m'minda ya khofi. Azakhali anabwera kudzamutenga Tusekile.

Tinawaperekeza m'mamawa kokwerera lole. Tusekile ankaganiza kuti tonse tikupita. Lole italiza injini, anazindikira kuti amama ali pansi, ndipo anayamba kukuwa, manja akufufuza m'malere kumene kunkachokera mawu athu. Sankatha kutiona patali. Amama anathamangira loleyo pang'ono, kenaka anagwa m'fumbi, ndipo ine ndinalephera kuwadzutsa.

Tusekile anakulira ku Misuku. Maso ake anapulumuka, moti lero amawerenga, buku atalibweretsa pafupi ndi mphuno. Koma amene amawatchula kuti amama ndi azakhali. Amama enieni anamwalira akumupatsa moni ngati mlendo wobwera pa Khirisimasi. Malata aja anadzachita dzimbiri okha patapita zaka, kuwala n'kutha, nthawi imene kunalibenso woti abwerere.

Kwa nthawi yaitali ndinkadana ndi anthu a m'nyumba zija. Tsopano ndikudziwa kuti ambiri mwa iwo sanali ankhanza. Ankakhala pamthunzi wa chinthu chomwe chinkawotcha ife, ndipo mmodzi yekha ndi amene analola kukwera chitunda. Chaka chatha ndinafolera nyumba yanga ku Karonga. Amisiri asanakhome lata loyamba, ndinagogoda kwa aneba akumtunda, n'kuwapempha kuti ndiime pakhonde pawo mpaka dzuwa lipendeke.