Chitenje pa Kompyuta Yakuchipinda

Ndinavina chaka chimenecho, ine, ndinavina mpaka duku kugwa.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu pa Lizulu. Anaikamo makompyuta atatu, awiri pakauntala, imodzi kuchipinda. Yakuchipindayo ndiyo inali mayi wawo. Mitengo yonse, katundu yense, zinkakhala m'mimba mwake, awiri akutsogolowo ankangoyamwa kudzera m'chingwe. Koma chilolezo chimene anagula, amati laisensi, chinali cha anthu awiri basi. Wachitatu akati alowe, chinkamukana.

Awiriwo anali iye ndi mkazi wake wamkulu, mayi wa adzukulu anga, wondisambitsa ndikadwala. Kenako kunabwera wamng'ono, wa ku Champiti, wondipatsa moni ali chiimire. Mwana wanga anachotsa wamkulu pampando wa pakompyuta nakhazikapo wamng'onoyo. Wamkulu anamukankhira kuseri, azikasoka matumba ong'ambika.

Tsono fumbi la pa Lizulu mumalidziwa, malole akamadutsa. Wamng'ono anati aonetse ukhondo. Anatenga chitenje chake chatsopano, nafunditsa kompyuta yakuchipinda ngati wailesi ya pabalaza, namanga bwinobwino, mphepo isalowe. Inatentha, inatentha, inalira pang'ono, inangoti zii.

Kutsogolo makasitomala ali mzere, makompyuta awiri aja akusaka mayi wawo, osamuona. Mwana wanga anaimbira mmisiri wa ku Boma. Mmisiri akufunsa pafoni: "Chingwe chili m'malo? Zimitsani muyatsenso. Kanyali kakuyaka?" Kanyali osayaka.

Mmisiri atafika anavundukula chitenjecho, nanunkhiza. "Ndani waifunditsa ngati ikumva malungo? Yapsa iyi, laisensi yapsera momwemo." Mitengo ndi katundu anati anazisunga kwina, azibweza. Laisensi nayo ogulitsa pulogalamu angathe kuisamutsira pa kompyuta ina, koma nambala yotsegulira amaitumiza pafoni ya amene analembetsa poyamba.

Analembetsa ndani? Wamkulu, wamkulu wanga.

Uthenga unalowa ali kuseri, singano ili m'manja. Mwamuna wake anabwera akupukuta thukuta. "Mayi a ana, tatiwerengerani nambalayo."

"Maso anga amaona ndikakhala pampando, bambo. Kwa matumba kuno kuli fumbi."

"Anthu akudikira, mayi."

"Adikire. Inenso ndadikira."

Wamng'ono anadzuka yekha pampandopo, mimba ili patsogolo, misozi ikutsika mpaka pachibwano. Anafuna kutola chitenje chake, mwamuna nachiponda. Ine ndinali pakhomo ndi ndodo yanga. Wamng'onoyo ndinamupatsa njira, ndinamupatsa njira bwinobwino, nthungululu ili pakamwa.

Laisensi ya mpando wachitatu mwana wanga anakana kugula. Lero wamng'onoyo amagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, mwana kumsana, dzuwa likumuwamba. Tsiku la msika ndimavala bwino, ndimapita. Ndimatembenuza mbatata zake imodziimodzi, ndimafunsa mtengo, amandiyankha atagwada. Ndikatero ndimagula kwa woyandikana naye.