Nsalu ya Kumutu ya aIrima

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kunali kudzuka, pakuti pa siwa munthu umangotsamira khoma. Azimayi anali ataimba usiku wonse chapansipansi, kuopa kuti nyimbo ingaitane anthu a mfuti. Panja moto unali utasonkhedwa kale. Masiku ankhondo tinkaphika kusanache kuti dzuwa likatuluka utsi usaoneke patali.

Womwalirayo anali mkulu wanga wa mimba imodzi, aRozaliya. Anthu onse mpaka ku Malowera ankawaitana kuti aIrima, monga timatchulira masisitere kwathu kuno. Gulu lawo linali la mwambo wakale. Ankavala mkanjo woyera wofika kumapazi ndi nsalu yophimba kumutu, ankapemphera m'Chilatini, kenako n'kumabereketsa azimayi ndi kutsuka zilonda mpaka dzuwa kulowa. Ufulu utabwera boma linatenga mishoni ndi chipatala chake, masisitere n'kubalalika. AIrima anabwerera kumudzi, navala kapulana, chitenje cha kwathu kuno, ngati ife, zovala zawo zoyera n'kuzitsekera m'bokosi lachitsulo. Madre, mkulu wa masisitere onsewo, tsiku lonyamuka, anandigwira dzanja n'kundiuza kuti sisitere amaikidwa m'manda ndi zovala zimene analumbirira. Ndinalonjeza kuti zidzatero.

Bokosi limenelo ndinalisenza katatu pothawira kutchire. Ulendo wina ndinasiya mphika ndi khasu langa kuti ilo lisatsale. Khosi langa limalikumbuka mpaka lero.

Kutayamba kuyera tinasambitsa mtembo. Ndinamasula kiyi yemwe ankakhala m'khosi mwawo pamodzi ndi mtanda, n'kutsegula bokosi. Munali mabotolo a mankhwala opanda kanthu, lumo, ndi buku la mapemphero. Mkanjo munalibe. Pansi penipeni ndinapeza kachidutswa ka nsalu yakumutu, kutalika kwake ngati mkono wanga.

Ndinayang'ana azimayi, iwo n'kuyang'ana pansi. Mmodzi anati, “Mayi, mchombo wa mwana wangayu mumati anaumanga ndi chiyani?” Wina anakwinya chovala n'kundionetsa chipsera cha paphewa. Kani mudzi wonse unkadziwa kuti aIrima akhala akudula mkanjowo pang'onopang'ono chiyambireni nkhondo, wosadziwa ndinali ine wosenza. Kunena zoona ndinapsa mtima. Ndinafuna kuwagwedeza pamphasa pomwepo kuti andiyankhe chifukwa chake anandilekerera ndikuthyoka khosi ndi mabotolo.

Kachidutswa kaja ndinakapinda n'kukasomeka m'chiuno. Ndinati kameneka kokha kapita nawo, afune asafune.

Dzuwa linatuluka laukali, la mwezi wa chilimwe mvula isanagwe. Anthu ankafika awiriawiri kudzera njira za m'minda, poti mumsewu munali mabomba okwirira. Ena anayenda usiku wonse kuchokera cha ku Chipera, mapazi ali mbuu. Wansembe sanabwere, ndipo panali patatha zaka tisanamuone. Masisitere anzawo ku Tete sanamve n'komwe. Amuna anakhoma bokosi lamaliro ndi matabwa a kama wa aIrima, misomali yake yozula pa chitseko cha khola.

Mlongo wathu anabwera ndi nsalu yokutira mtembo. Inali kapulana ya chipani cholamula, yomwe akazi ake analandira pa msonkhano. Ndinakana. Ndinati anthu omwe anawathamangitsa pa mishoni asawaperekezenso kumanda. Iye anati, “Mlongo, ndipatseni ina yopanda chigamba, iyi nditenge ndibwerere nayo.” Tinafufuza mudzi wonse, osaipeza. Ndinawakuta ndi ya chipani yomweyo ndi manja angawa, mano ndili gwa.

Ndikutuluka kukataya madzi ndinaona nkhalamba ina itakhala pa mwala wa pakhomo. Inali ya tsidya la mtsinje, ndipo bomba linaing'amba msongolo ikuchokera kumunda. Kwa miyezi ingapo inkabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pa mwala womwewo kudikira aIrima. Masiku anayi amene iwo anagona osadzuka palibe anaigwira. Chilonda inali itachikulunga ndi masamba ndi luzi, ntchentche zili ng'a. Sinapemphe kanthu. Inangoti, “Pepani maliro, mayi,” n'kukokera mwendo kumbali kuti ndidutse.

Ndinadutsadi. Ndinalowa m'nyumba, ndinaima pamutu pa mtembo, dzanja lili m'chiuno pamene panali kansalu kaja. Amuna panja ankati tifulumire, dzuwa likuwononga mtembo. Fungo la mwendo uja linali litanditsata mpaka m'katimo.

Ndinatuluka n'kutereka madzi amchere pa makala otsala. Sindinachite mwachifundo ayi, ndinkachita ndikung'ung'udza ngati munthu wotumidwa asakufuna. Nditasolola kansalu kaja m'chiuno, mayi wina anati ndikadule pakati, theka lipite ndi aIrima. Ndinadula ndi lumo lawo lomwe lija, koma ndinali nditawaonerera zaka zambiri ndipo ndinkadziwa kuti chilonda chimafuna nsalu ziwiri, ina pamwendo, ina ili padzuwa kudikira mawa. Nkhalamba ija inaluma mlomo ndikuchotsa masamba, osalira, mpaka ndinatsuka chilonda n'kuchimanga ndi theka limodzi.

Kumutu kwa aIrima tinangokokerako kapulana ya chipani ija, bokosi n'kutseka.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Katekisita anatsogola ndi mtanda wa timitengo tiwiri, ife pambuyo mu mzere umodzi, aliyense kuponda pamene waponda mnzake. Nyimbo ya Chilatini imene aIrima ankaikonda palibe ankaidziwa kufika kumapeto, tinaiyamba kawiri n'kuisiyira panjira. Kumanda sitinachedwe. Dothi linali louma gwa, ndipo polikankhira m'dzenje fumbi linatibwerera kumaso. Anthu sanadikire n'kusamba komwe, anabalalika kuti mdima usawapeze panjira.

Madzulo nyumba inali zii. Mlongo wanga anabwera kudzabwezera chitseko cha khola ndi luzi, napita. Ndinakhala pa mphasa moyang'anana ndi bokosi lachitsulo lija, lili yasa. Lonjezo langa kwa Madre linali litapita pachabe, ndipo tsiku limenelo aIrima sindinawakhululukire. Zaka zonsezi ankandiona ndikudzandira ndi katundu wawo, mawu amodzi osanena.

Ndinadzuka, ndinawiritsa theka linatsala lija monga ankachitira iwo, n'kuliyanika pa chingwe cha pakhonde. Ndinatunganso madzi n'kuika mchere pafupi. M'mawa nkhalamba ija inali yoti idzakhala pa mwala womwewo, ndipo wotsegula chitseko ndinatsala ine.