Pulesha ya Makina a Januario

Pa Nsaru a Januario Kachingwe amadziwika ndi tiyirumu yawo yobiriwira, koma kale anali khuki kunyumba ya ansembe. Ntchitoyo anailowa ali mnyamata, nkuisiya imvi zili mbuu. Mpaka lero amayenda ndi epuloni yoyera, ngakhale popita kudimba, ndipo munthu akawapatsa moni amayankha mawu atatsitsa ngati muli m'tchalitchi.

Wansembe amene anamuphikira nthawi yaitali anali Bambo Ottavio, mzungu wamfupi wa ku Italy, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala. Iyeyu anali ndi makina a khofi amene sankalola munthu kuwakhudza. Mmawa uliwonse a Januario ankaima chapatali, manja kumbuyo, kumaonerera. Wansembeyo ankathira khofi m'kachipande kachitsulo, kukamangirira kumakina, nkudina batani. Pampu yam'kati inkalira, kamuvi kapatsogolo kosonyeza pulesha, mphamvu yokankha madzi, nkukwera, timadzi takuda nkumachucha m'kakapu kongofika chala chimodzi. Akapsontha kamodzi, tsiku limenelo paparishi ponse pankakhala mtendere.

Bambo Ottavio atakalamba nkubwerera kwawo, makinawo anawasiyira a Januario pamodzi ndi thumba la khofi wosagaya. A Januario anawakulunga m'chitenje cha akazi awo a Imelda, nkuwafukata pakabaza mpaka kutiyirumu. Kumeneko analengeza kuti Loweruka anthu a pa Nsaru adzalawa khofi wa ku Roma.

Loweruka anthu anadzazadi: akabaza, amayi ogulitsa tomato, matenanti a kuesiteti ya fodya. A Januario anathira madzi, nkunena kuti ayambe atsuka kaye m'kati. Anadina batani. Makina anangolira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, tebulo nkumanjenjemera, koma kamuvi kanagona pomwepo. Ngakhale dontho silinatuluke.

"Pulesha palibe," anatero a Januario, nkhope itakwinyika ngati ya dokotala.

"Ndiye imagulidwa kuti puleshayo, abambo ake Selina?" anafunsa a Imelda. "Ndikaitenge anthu asanabalalike."

Anthu anabalalika ndithu, atamwa tiyi wamasiku onse.

Nkhani inawapeza a Evance, mchimwene wawo wa a Imelda, amene amakonza mijigo m'midzi. Anatulukira ndi sipanala yaitali ngati mkono.

"Alamu, musavutike. Pampu ndi pampu basi. Tingoimasula tione."

"Alamu, ichi si mjigo!" anakuwa a Januario, atawafungatira makinawo ngati nkhuku pamazira.

A Evance anaika sipanala pansi, koma manja awo sadziwa kukhala chete. Pampu ikulira, anaona kachogwirira m'mbali, pamwamba pa kapaipi kotulutsa nthunzi, nkukapotokola. Makina anatsokomola, kugeya mpweya, kenako madzi psii, kulunjika pathalauzi lawo, malo oipa ndithu. Kunali kuti pampu inameza mpweya paulendo wa pakabaza uja. Atatseka kachogwirirako, madzi anayamba kuyenda bwinobwino. A Evance anabwerera kwawo atadziphimba kutsogolo ndi chipewa, akuuza aliyense panjira kuti akonza makina a ku Roma osagwiritsa sipanala.

Panatsala khofi. Popeza chogayira panalibe, a Imelda anamusinja mumtondo, nkumusefa mpaka kusalala ngati ufa woyera. A Januario anamudzaza m'kachipande, nkumutsindira ndi tako la botolo, mphamvu zonse, phazi limodzi m'mwamba. Ulendo uno kamuvi kanakwera. Kanakwera, kupitirira pamene kankaima kwa ansembe, mpaka kukagunda kumapeto. Pampu inayamba kulira mopempha chifundo, koma pansi panali pouma gwa.

"Dzana pulesha panalibe, lero yachuluka," anadandaula a Januario. "Kodi ineyo ndinalakwanji?"

Mtima utawathera, anamasula kachipande kaja makina asanapume. Phuu! Matope akuda anawaza epuloni, nkhope, kalendala ya pakhoma, ndi masikono onse a tsikulo.

Anaganiza zoimbira foni eni ake akale a makinawo. Bambo Ottavio anasangalala kwambiri kumva Chichewa, koma makutu anali atayamba kugontha.

"Bambo, makina aja, pulesha yavuta!"

"A Pelesiya? Pepani! Amwalira liti?"

Pofika poti amvana kuti palibe wamwalira, wansembeyo anayamba kufunsa za akwaya mmodzimmodzi, za galu wa paparishi, za mvula ya chaka chino. Mayunitsi anatha asanafike pa khofi.

Anabwerera kumtondo. A Januario anati mwina ufa unasalala kwambiri, madzi nkusowa podutsa. A Imelda anangokonola pang'ono, khofi nkukhala ngati mgaiwa wamisere. Pamenepo madzi anangodutsa waa ngati mvula pamalata, kamuvi osadzuka nkomwe, m'kapu mukugwera zofiirira ngati zotsukira mbale. Anayesanso, nkuyesanso. Sabata imeneyo mtondo unalowerera fungo moti nkhwani wotendera kunyumba kwawo ankamveka khofi, ndipo banja lonse linkayenda maso ali tong'o.

Tsiku lina masana zinatheka. Kamuvi kanaima pakati penipeni, khofi nkumatsika pang'onopang'ono ngati uchi, pamwamba pali kathovu kofiirira. A Januario anachita chizindikiro cha mtanda. Kakapu koyamba anapatsa a Lazaro, tenanti wachikulire wochokera ku Mulanje, amene sankajomba pabenchi lapakhomo.

A Lazaro anakayang'ana kakapuko, nkuyang'ana eni tiyirumu.

"Aka nkolawa, eti? Chabwino."

Anakhuthulira kukamwa. Maso anatseka, khosi linatalika, phazi linaponda pansi kawiri.

"Achimwene, ine malungo ndilibe," anatero atapeza mpweya. "Mankhwalawa mukanasungira odwala."

Anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja. A Januario zinawapweteka zedi. Anati anthu a kuno zabwino sazidziwa, nkudzipangira kawo. Apa mpamene anakumbukira kuti zaka zonse zija ankangoonerera. Chinthucho anali asanachiikepo pakamwa. Anapsontha pamaso pa onse. Misozi inalengeza, koma anameza ngati mwamuna.

"Ndi momwemo," anatero. "Amakoma chonchi."

Anthu atachoka, a Januario anakhala pabenchi, nkufunsa motsitsa mawu: "Amake Selina, zoona Bambo ankamwa zimenezi tsiku ndi tsiku? Kapena kunali kulapa machimo?"

Makina anakhala masiku angapo atafundidwa nsalu. Amene anawavundukula anali a Imelda, mmawa wina makala atanyowa, akabaza akudikira tiyi wamkaka. Anayatsa makinawo, nkulowetsa kapaipi kanthunzi kaja m'jagi ya mkaka kuti ungofunda. Mkaka unalira, unatupa, nkusanduka thovu loyera mpaka kusefukira. Anawathira tiyi m'makapu aakulu, shuga wokwanira, thovu pamwamba. Akabaza anamwa, nkutuluka milomo ili mbuu, ndipo pofika masana anali atabwera ndi anzawo.

Umu ndi mmene unayambira tiyi wathovu wa pa Nsaru. Poyamba a Januario ankang'ung'udza kuti makina a ulemu wawo asanduka ketulo, koma ataona benchi likuchepa anakaitanitsa lina kwa kalipentala. Vuto la pulesha limabwerabe, chifukwa madzi a pamjigo amasiya zoyerayera m'mapaipi monga amachitira m'ketulo. Kamuvi kakayamba ulesi, a Januario amawamwetsa makinawo madzi a mandimu, nkumawalankhula mofatsa ngati mwana wodwala.

Chaka chatha a Goodson, a tiyirumu ya tsidya la msewu, anaona kuti makasitomala awathera. Anatenga pampu ya njinga, nkuviika kapaipi kake mupoto wa mkaka wotentha, nkupopa ndi manja awiri. Mkaka wonse unathera kudenga ndi m'tsitsi. A Januario atamva anaoloka msewu kukawapepesa, ndipo anaima pakhomo nthawi ndithu, akuyang'ana denga likudontha.

"Pulesha yachuluka, a Goodson," anatero pomaliza. "Bwerani ndi mopu, ndikuthandizeni."