Wakuba Mbuzi wa m'Filimu

Phwa! Ndimo ankalirira matabwa awiri amene a Gondwe ankawombanitsa kamera isanayambe kujambula. Mpaka lero chitseko chikamenyetseka, nthiti zanga zimakumbuka.

Ndinali mu Sitandade 6, ndikukhala ndi anganga kumunsi kwa phiri la Michesi chimwalirireni makolo anga. A Gondwe anali aphunzitsi athu ochokera kumpoto. Dzinja lonse analemba filimu, kenaka tinayeserera teremu yathunthu kuseri kwa sukulu. Ine anandisankha kukhala wakuba mbuzi, poti wakubayo analibe mawu oloweza, ndipo ine sindinkalankhulalankhula.

Gawo langa linajambulidwa masana amodzi. Anandimanga chingwe n'kundiyendetsa pamsewu, mbuzi ili pamapewa, anyamata akundikwapula ndi mapesi. Magazi anali tomato. Odutsa panjinga anaima n'kumaonerera, ndipo ndinaona kuti ambiri kamera sanaione n'komwe.

"Ndiye tiionera Loweruka?" anafunsa anganga.

A Gondwe anaseka. "Mayi, kujambula n'kudula nsalu chabe. Kusoka kukadali."

Nandolo anachita maluwa, filimu osatuluka. Koma mbiri sinadikire. Tsiku lina ine ndi anganga tili pamsika pa Boma, bambo wina amene mbuzi zake zinali zitasowa anandiloza.

"Uyu si uja anamugwira ku Michesi?"

Ndisanatsegule pakamwa ndinali pansi. Anandiponda m'nthiti. Wina anandimenya ndi pampu ya njinga, dzino n'kuthyoka. Ndinalawa dothi ndi magazi, ndipo ulendo uno sanali tomato.

"Inali filimu!" ndinakuwa.

"Filimu yake iti? Tiionetse!"

"Bweretsani tayala!"

Anganga anadzigwetsa pamwamba panga akukuwa m'Chilomwe. Ndodo imene ankafuna kumenya nayo ine inatera pamkono wawo, ndipo ndinamva fupa likulira. Apo m'pamene anthu anabwerera m'mbuyo.

Anganga atatuluka m'chipatala tinkapita kwa a Gondwe kawirikawiri. Tinkawapeza pakompyuta akudula zithunzi, akulunzanitsa mawu ndi milomo, mwinanso atangokhala, magetsi atazima. "Ikadali," ankatero osatiyang'ana m'maso. Nandolo anauma, tinakolola, mvula inagwanso. Kusukulu dzina langa linali Mbuzi, ndipo mabuku akasowa aliyense ankatembenukira kwa ine.

Tsopano ndikudziwa kuti a Gondwe sanatinamize. Kulemba kumadya miyezi, kujambula masiku ochepa, kusoka n'kumene kumakalambitsa. Chimene sanaganize n'chakuti nthawi yonseyo munthu amayenda atavala zimene anamuveka pamsewu, ndipo palibe chomuvula.

Filimu inatha chaka chitazungulira, sabata imene a Gondwe anasamutsidwira kusukulu ina. Anafika pakhomo m'mawa pa kabaza, chikwama pamiyendo, n'kutulutsa chimbale. Anganga anafuna kulandira ndi manja awiri mwaulemu, koma mkono uja unakana kudzuka. A Gondwe anauyang'ana kanthawi, kenaka anaika chimbalecho m'manja mwanga. Pachikuto panali nkhope yanga, chingwe chili m'khosi.

"Ukaonetse pamsika, mphwanga," anatero, n'kukwera kabaza.